Nyimbo ya piyano yovuta kwambiri kuyimba ndi iti kwenikweni?

Chimwemwe_keys:
Abale odziwa za piyano tandithandizeni. Takangana ndi mnzanga wa kukwaya, iye akuti La Campanella ya Liszt ndiye mapeto palibenso ina yoposa pamenepo, ine ndikuti akutero chifukwa ndi yomwe imazungulira kwambiri pa YouTube ndi TikTok basi. Pa nyimbo za classical zonse zija, imene ngakhale akatswiri amaiopa ndi iti? Komanso kuvutako kumakhala pati, ndi liwiro lokha kapena pali zina?

Mphunzitsi_Nkhoma:
Mnzanuyo sanataye kwambiri ayi, La Campanella ndi yovutadi, dzanja lamanja limadumpha mtunda wautali, pena mpaka maokitevu awiri (okitevu ndi mtunda wa makiyi oyera 8), kupita kukagunda kakiyi kamodzi kapamwamba kaja kolira ngati belu n'kubwereranso, ukaphonya pang'ono aliyense wamva. Koma Liszt yemweyo ali ndi zoopsa kuposa imeneyo, pa ma etude (nyimbo zolembedwa kuti zinole luso la zala) ake 12 a Transcendental pali nambala 5, Feux follets, m'mene dzanja limodzi limayimba manotsi awiriawiri mothamanga koma mopepuka.

Ine voti yanga ndi Scarbo ya Maurice Ravel, gawo lachitatu la Gaspard de la nuit ya 1908. Ndipo mkulu ameneyu anachita dala, ankafuna kulemba chinthu chovuta kuposa Islamey ya Balakirev ya 1869 yomwe nthawi imeneyo anthu ankati ndiye yovutitsitsa. Chimene chimapha anthu pa Scarbo ndi choti zambiri zothamanga zija uziyimbe motsitsa mawu. Kumenya makiyi mwamphamvu uku ukuthamanga ambiri amatha, zolakwika zimabisala m'phokosomo. Koma kubwereza noti imodzi kambirimbiri mwachangu, chapansipansi, iliyonse izimveka bwinobwino, kenako mwadzidzidzi kuphulika manja akupingasana, n'kubwereranso pansi pomwepo, apo ndiye mkono umauma. Ngakhale gawo loyamba, Ondine, limayamba ndi dzanja lamanja likunjenjemera pa makiyi motsitsa zedi ndipo likuyenera kukhala losalala osagwedera mpaka kutali. Gawo lapakati, Le Gibet, ndi lapang'onopang'ono koma B flat imalira osaleka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, uzisunga kulira kwake chimodzimodzi uku zala zina zikuchita zawo.

mayi_wa_alto:
Aphunzitsi mwaiwala bwanji Rachmaninoff, concerto (nyimbo ya piyano ndi orchestra) yachitatu ija? Scarbo ndi ya mphindi zosakwana 10, iyi ndi pafupifupi mphindi 40 uli pampando ukulimbana ndi orchestra yonse, piyano sipuma kwenikweni. Anailemba mu 1909 n'kukaiyimba yekha koyamba ku New York chaka chomwecho, ndipo popita pa sitima yapamadzi ankachita prakitisi pa kiyibodi yosalira. Anaipereka kwa Josef Hofmann, katswiri wamkulu wa nthawiyo, koma Hofmann sanaiyimbepo pagulu. Komanso bambo Rachmaninoff aja anali ndi manja akuluakulu, makodi ena ife a timanja tating'onofe tingoyang'ana basi kkkk

Gomani88:
Nonse mukuwerenga zala zokha. Beethoven, sonata ya Hammerklavier, opus 106, anaimaliza mu 1818 makutu atafa kale ndithu. Gawo lomaliza ndi fugue ya mawu atatu, tangoganizani soprano, alto ndi bass aliyense akuyimba njira yakeyake koma onse ndi iweyo ndi manja awiri okha, ndiye mutu wa nyimboyo amautembenuza chadodolido, amauyendetsa chobwerera m'mbuyo, amautalikitsa, ma trill (kusinthanitsa manotsi awiri oyandikana mwachangu) ali mbwee. Usanafike pamenepo wadutsa gawo lapang'onopang'ono lopitirira mphindi 15 lomwe ukaliyimba mopanda nzeru anthu amagona. Liwiro lomwe analemba pa gawo loyamba, 138 pa metronome (kachipangizo koyezera liwiro la nyimbo), mpaka lero oyimba amatsutsana ngati n'lotheka, ambiri amangotsitsa. Concerto ya Rachmaninoff ija ana a zaka 18 akuiyimba m'mipikisano masiku ano, Yunchan Lim anawina nayo mpikisano wa Van Cliburn mu 2022 ali ndi zaka 18 zomwezo.

mayi_wa_alto:
Aaa achimwene, mwana mmodzi wodabwitsa asakupangitseni kuiona ngati yophweka, dziko lonse linachita kukamba za iyeyo chifukwa chomwecho

Mphunzitsi_Nkhoma:
Pa Hammerklavier sindikutsutsani a Gomani, kungoti ija imavuta m'mutu kwambiri, Ravel amavuta m'mutu ndi m'minofu momwe. Tikafuna zongozunza zala ndiye kuli Leopold Godowsky amene anatenga ma etude a Chopin, ovuta kale, n'kupangapo 53 ake, 22 mwa iwo a dzanja lamanzere lokha, ena anaphatikiza ma etude awiri kuti aziyimbidwa nthawi imodzi. Katswiri wa piyano Marc-André Hamelin anawayimba n'kuwajambula onse. Kulinso Sorabji ndi Opus clavicembalisticum ya 1930 yopitirira maola 4, koma kunena zoona imeneyo ine sindiiwerengera, nyimbo yoti omvera akufunika kunyamula kamba wapaulendo ndi nkhani ina.

Tadala_mu_Leeds:
Palibe watchula György Ligeti? Ma etude ake 18, analemba kuyambira 1985 mpaka 2001. Yoyamba, Désordre, dzanja lamanja limayenda pa makiyi oyera okhaokha lamanzere pa akuda okhaokha, amayamba limodzi kenako lamanja limayamba kufupikitsa pang'onopang'ono mpaka kugunda kwa manja awiriwa kusiyaniratu, ndiye ubongo ukuyenera kugawika pawiri liwiro lili pamwamba. Nambala 13 dzina lake ndi L'escalier du diable, makwerero a satana, imangokwera n'kukwera. Chondisangalatsa n'choti maganizo amenewa mbali ina anawatenga ku Africa, anamvera nyimbo za a Banda Linda a ku Central African Republic zomwe Simha Arom anajambula, komanso ankawerenga zolemba za Gerhard Kubik, yemwe uja wa ku Austria anagwira ntchito zaka zambiri ndi Donald Kachamba ku Chileka. Ndiye amene munakulira pa ng'oma zingapo zikulira mosiyana nthawi imodzi khutu lanu silidabwa kwambiri, vuto ndi kuziika m'zala.

Chimwemwe_keys:
Eee ndamvera Scarbo panopa, mnzanga uja ndamutumizira linki. Funso lina, kiyibodi yathu ndi ya makiyi 61, La Campanella ndingayambe kuiphunzira pamenepo olo pang'onopang'ono?

Mphunzitsi_Nkhoma:
Siikwana achimwene, nyimbo zimenezi zimafuna makiyi 88, pa 61 mupeza manotsi ena kulibe. Komanso makiyi a kiyibodi wamba ndi opepuka, zala zikazolowera pamenepo mukakhala pa piyano yeniyeni zimatopa msanga ndipo kutsitsa mawu kuja simungakuphunzire bwino. Pa 61 yambani ndi ma Invention a mawu awiri a Bach, amakwana bwinobwino, nambala 1 ya C major kenako nambala 8 ya F major, dzanja lililonse palokha kaye musanaphatikize. Mukapeza ya makiyi 88 olemera mudzandiuze tikambe za Chopin.