Tingawathandize bwanji mabanja osowa pokhala kupeza msanga nyumba zokhazikika?

Abale ndi alongo, ndikulemba m'malo mwa komiti ya zachifundo ya mpingo wathu kuno ku Blantyre. Tikuthandiza mabanja amene nyumba zawo zinakokoloka ndi matope ochokera m'phiri la Soche pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Misasa ya m'masukulu itatsekedwa kuti ana ayambirenso kuphunzira, ena anapita kwa achibale, ndipo mpaka lero akuthithikana m'chipinda chimodzi popanda pawopawo.

Ndalama zimene tasonkha n'zochepa, ndipo m'komiti tagawanika. Ena akufuna tigule malo n'kumanga, ngakhale kuti zimenezi zingatenge nthawi yaitali. Ine ndikuona kuti tiyambe ndi kuwalipirira lendi, chifukwa mayi amene sakudziwa kumene agone mawa sangayendetse geni, ndipo ana ake sangakhazikike pasukulu. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu banja lisanalowe, ndiye thandizo lathu likadzatha, mabanjawa angathe kudzathamangitsidwanso.

Inu amene munagwirapo ntchito yotereyi, munalipira lendi kwa miyezi ingati banja lisanayime palokha, ndipo kodi munaperekanso mpamba wa bizinesi? Nanga mgwirizano ndi mwini nyumba munaulemba motani? Tikasankha kugula malo, kodi kalata ya amfumu ndi yokwanira, kapena tiyambe tafunsa kukhonsolo ya mzinda ndi ku DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) kuti tisawamangire pamalo angozi?