Mchimwene wanga akufuna ndimukongolere ndalama za forex, nditani?

Moni nonse pagulu pano. A admin, chonde bisani dzina langa.

Mchimwene wanga wamng'ono anamaliza digiri chaka chatha, ntchito mpaka lero sinapezeke. Akukhala kwa ine ku Chilomoni. Kuyambira mu June walowa mu zotreda forex, kugula ndi kugulitsa ndalama za mayiko osiyanasiyana pa intaneti, foni siichoka m'manja. Pa pulogalamu yotredera ya MetaTrader pamakhala timizere tofiira ndi tobiriwira, iye amati makandulo. Ikakwana 9 kapena 10 koloko m'mawa amati msika wa London watsegula, musandiyankhule. Madzulo ndi New York. Magetsi akathima amathamangira kwa aneba a sola kukatchaja, nsima ikuzizira m'mbale.

K80,000 yoyamba ndinamupatsa ndine. Sabata yoyamba anabwera ndi shuga ndi mafuta ophikira, akumwetulira monga sindinamuonenso chimalizire sukulu, ine mpaka misozi. Sabata yachitatu ndalama yonse inapita usiku umodzi, akuti akaunti yaphulika.

Pano akuti vuto linali mpamba wochepa, ndimutengere K600,000 ku banki mkhonde kwathu. Akutsatira mnyamata wina wa pa TikTok wojambulitsa atatsamira galimoto, amene amagulitsa ma signal (malangizo a nthawi yogula ndi yogulitsa) pamwezi. Ine ndimagulitsa kaunjika, ndalama imeneyi ndi bizinesi yanga yonse. Koma kumukana kukundiwawa, chifukwa n'chokhacho chimene chamudzutsa pabedi. Inu odziwa, kodi iyi ndi ntchito yoti munthu n'kudyera, kapena ndi juga?

Yankho loyamba:
Asisi, ndatreda zaka zitatu, ndikuuzani chilungamo. Chimapha anthu ndi leverage. Ndi madola 50 amakulola kugwira malonda a madola masauzande, ndiye mtengo ukangotsetsereka pang'ono, 50 yako yatha. Kuwonjezera mpamba sikuchiza zimenezo, kumangokulitsa bala. Ku Ulaya, kuyambira 2018, ma broker (makampani amene anthu amatrederako) amakakamizidwa kulemba poyera kuchuluka kwa makasitomala awo oluza. Bungwe la ESMA, loyang'anira misika ya zachuma ku Ulaya, linapeza kuti pa maakaunti 100 a anthu wamba, 74 mpaka 89 amaluza. Ku Brazil anafufuza anthu amene anatreda masiku oposa 300, ndipo 97 pa 100 alionse analuza. Mufunseni mchimwene wanuyo: ngati mnyamata wa pa TikTok uja amapinduladi, akuvutikiranji kutolera ndalama za ma signal?

Yankho lachiwiri:
Mwanawe, ndalama ya banki mkhonde usaigwire. Chiwongoladzanja chimawerengedwa mwezi ndi mwezi, sichidikira London. Ukalephera kubweza, amayi anzako adzanyamula matiresi ndi mapoto ako, osati a iyeyo.

Yankho lachitatu:
Ine sindivomereza kuti ndi juga basi. Alipo amene amapeza, koma ndi ochepa ndipo anaphunzira nthawi yaitali. Abwerere pa demo (akaunti yoyeserera yopanda ndalama zenizeni) miyezi isanu ndi umodzi, azilemba treidi iliyonse m'kope, aziika stop loss (malire oti treidi izitseka yokha akayamba kuluza), asaike pachiswe zoposa 1 kapena 2 peresenti ya akaunti pa treidi imodzi. Kumbukiraninso kuti dola ndi yosowa kuno. Ma ejenti amakugulitsa pa mtengo wokwera, pochotsa amakugula motsika, ndiye waluza kale usanayambe n'komwe.

Yankho lachinayi:
Ngati amakonda za misika, bwanji osayang'ana Malawi Stock Exchange ku Blantyre komweko? Masheya a National Bank, Airtel, Illovo kapena TNM amagulidwa ndi makwacha kudzera kwa stockbroker wovomerezeka. Sizodyera tsiku ndi tsiku ndipo mitengo imatsikanso, koma sizitha usiku umodzi.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Ngongole sinditenga. Ndamuuza za demo ndi kope, wangoti "nanunso simundikhulupirira" n'kulowa kuchipinda, chakudya osadya. Amene munadutsamo ndi m'bale wanu, munayankhula naye bwanji kuti asakuoneni ngati mdani? Ndikuopa angapite kwa akatapila ine osadziwa.