Ndatsegula current account yatsopano kuno ku UK, ovadrafti kapena kirediti khadi amapereka pakapita nthawi yaitali bwanji?

mwana_wa_kwa_Kachindamoto:

Moni abale nonse. Ine ndili ku Leicester kuno, ndinabwera kumapeto kwa chaka chatha pa visa ya care. Poyamba salale imalowa mu akaunti ya pa foni zija ambirife timayambira tikangofika, koma mwezi watha ndatsegula current account ku banki ina yamtauni yokhala ndi nthambi chifukwa anzanga kuntchito amati kumeneko nde ngongole siivuta. Tsiku lomwelo ndinafunsa za ovadrafti, yoti banki izikulola kutapa kupitirira ndalama zomwe zili mu akaunti ija, anangoti lembani pa apu, ndalemba, yankho pompopompo kuti ayi. Ndayesanso kirediti khadi, ayinso. Chifukwa chake sanena, angoti pakadali pano sitingathe.

Sikuti ndikufuna zambiri ayi, olo mapaundi 300 basi. Vuto ndi loti renti imachoka pa 1, nde mwezi umene mashifiti achepa ndimafika cha mma 20 mmanja muli mbee, kwinaku kumudzi akuimba za fizi ya mng'ono wanga. Nde amene mwakhalitsa kuno tandiuzeni, munthu amadikira nthawi yaitali bwanji? Kapena ndingoyesa mabanki ena onse mpaka ina ivomere? Komanso wina wandiopseza kuti ngongole imaononga visa, zoona zimenezo?

NaBanda_Manchester:

Achimwene choyamba imani kaye, musalembenso kwina kulikonse. Zoti ndiyese onse mpaka wina avomere ndi zomwe zimapweteketsa anthu ambiri. Mukalemba kalata yopempha ngongole banki imapanga chomwe amati hard search, kufufuza mbiri yanu ya ngongole, ndipo chimenecho chimatsala pa fayilo ya mbiriyo pafupifupi chaka, mabanki ena onse amachiona. Akaona zinayi zisanu motsatizana amangoti munthuyu madzi afika mkhosi, amakukanani osakuonani nkomwe.

Kukukanani kuja sikuti mwalakwa kanthu. Kungoti sakukudziwani. Kuno kuli makampani atatu osunga mbiri ya ngongole, Experian, Equifax ndi TransUnion, ndipo munthu wangobwera kumene fayilo yake imakhala yopanda kanthu. Olo kumudzi munali ndi mbiri yabwino bwanji, munabweza loni ya pa salale bwinobwino, zimenezo sizikwera ndege. Mumayambira pa ziro. Ndipo mtsikana wa pakauntala uja alibe mphamvu, imaganiza ndi kompyuta, nde kuvala suti kapena kupita kunthambi sikusintha kanthu.

Chomwe ambiri sadziwa, ife Amalawi tili ndi mwayi chifukwa dziko lathu lili mu Commonwealth. Ngati muli ndi visa yovomerezeka mukuloledwa kulembetsa pa kaundula wa mavoti, electoral roll, ndipo mabanki amagwiritsa ntchito kaundula yemweyo kutsimikiza kuti mumakhaladi pa adiresi mwalembayo. Mumalembetsa pa gov.uk, amafuna National Insurance number, sizitenga nthawi. Kungoti kuti zionekere pa fayilo pamapita masabata angapo chifukwa khonsolo imasintha kaundula kamodzi pamwezi. Anzathu aku Zambia ndi Mozambique nawonso ndi chimodzimodzi.

Kenako tsitsani ClearScore, ndi yaulere, imaonetsa za Equifax, Credit Karma imaonetsa za TransUnion, Experian ali ndi apu yawoyawo. Kudzionera nokha fayilo sikuononga kanthu. Muonetsetse kuti dzina ndi adiresi zalembedwa mofanana paliponse, makamaka amene tikukhala mma flat kapena nyumba zogawana, kwina walemba Flat 2 kwina 14B, kompyuta imakuona ngati anthu awiri. Salale yonse izilowa mu akaunti yatsopanoyo, ma direct debit, mabilu odzidula okha pa akaunti aja, azichokera momwemo, ndipo olo imodzi isabwerere. Palibe lamulo loti miyezi yakutiyakuti, koma ine anthu amene ndawaona, miyezi itatu mpaka sikisi salale ikulowa bwino ndi pomwe zitseko zimayamba kutseguka. Ndipo mukadzafuna kuyesanso yambani ndi eligibility checker, imeneyo ndi soft search, imakuuzani ngati muli ndi mwayi osasiya chipsera.

Zagwazatha_Luton:

Achemwali anena zoona zonse, koma ine ndifunse, man, ovadraftiyo mukuifuniranji kwenikweni? Anthu amaiona ngati ndalama zawo chifukwa zimaoneka mu akaunti momwemo, koma ndi katapila wovala taye. Chiyambire April 2020 FCA, bungwe loyang'anira mabanki kuno, inalamula kuti mabanki asiye ma fee apatsiku aja, azingotchula chiwongola dzanja chimodzi chapachaka, nde mabanki akuluakulu ambiri anangothamangira cha mma 40 peresenti, ambiri 39.9. Tiwerengere limodzi. Mapaundi 300 kwa masiku 10 ndi pafupifupi mapaundi 3, sizoopsa. Koma 500 mwezi wathunthu ndi cha mma 14, ndipo vuto lake si 14 imeneyo, vuto ndi loti salale ikalowa imayamba yakwirira dzenje, nde pofika pa 10 mwabwereramo, mwezi ndi mwezi, chaka chimatha munthu asanaoneko balansi yopanda minus kutsogolo. Chinanso, banki ili ndi ufulu woichepetsa kapena kuifuna yonse nthawi iliyonse, zili mmapepala omwe timangodina accept osawerenga aja.

Ine ndikanati mudikire pang'ono kenako mutenge khadi za oyamba kumene zija, amati credit builder, monga Aqua, Vanquis, Capital One. Limiti imayambira pansi, mwina 200 mwina 500, chiwongola dzanja chake ndi chokweranso zedi mma 30 ndi kupitirira, koma kusiyana kwake nkoti ukamabweza yonse mwezi uliwonse sulipira olo peni. Ovadrafti imayamba kuwerenga tsiku lomwelo walowamo. Nde muikepo kanthu kamodzi kakang'ono komwe mumagula kale, tikiti ya basi kapena magolosale a ku Aldi, mutchere direct debit ya full balance, osati minimum, ndikubwereza, osati minimum. Ikatha miyezi ingapo fayilo yayamba kuoneka ya munthu.

Koma za fizi ya mng'ono wanuyo samalani. Osatumiza ndalama kumudzi ndi kirediti khadi. Makampani amakhadi nthawi zambiri amaziwerenga ngati mwatapa kashi, amadula fee cha mma 3 peresenti ndipo chiwongola dzanja chimayamba tsiku lomwelo, palibe masiku aulere aja. Kutapa pa ATM chimodzimodzi, ndipo zimaoneka pa fayilo. Potumiza gwiritsani debit basi.

Ubwino wina wa khadi womwe ovadrafti ilibe ndi Section 75 ya Consumer Credit Act 1974. Ukagula chinthu cha mtengo wopitirira mapaundi 100 mpaka 30,000, wogulitsayo akakuyenda pansi kapena kampani yagwa, kampani ya khadi nayo imakhala ndi udindo wokubwezera. Pogula tikiti ya ndege yopita ku Lilongwe zimenezi zimathandiza, bola mugule kukampani ya ndege mwachindunji, chifukwa ukadzera kwa ma ejenti apakati zimatha kuvuta.

gogo_wa_Leeds:

Ana inu mukungolimbikitsana ngongole. Ine ndakhala kuno tsitsi layamba kuyera, ndaona anyamata akubwera bwinobwino, khadi yoyamba 250, pakutha zaka ziwiri ali ndi makhadi anayi, ngongole ya Klarna, yotenga katundu nkumalipira pambuyo ija, pambali, akugwira mashifiti ausiku sabata yonse kungobweza chiwongola dzanja, kumudzi akuti mwana wathu ali kunja akudya bwino. Ndipo ukalephera kubweza mpaka akulembe default, imakhala pa fayilo zaka 6. Zaka 6 mwana wanga, nthawi yomwe anzako akuyamba kufunsa za mortgage, ngongole yogulira nyumba, iwe olo kontrakiti ya foni akukukana.

Vuto mwanenalo si la ngongole, ndi la masiku. Renti pa 1, salale kumapeto, mashifiti osakhazikika. Kambiranani ndi landilodi ngati angasunthe tsiku, ena amavomera. Council tax, msonkho wa kukhonsolo uja, ngati mumalipira nokha pemphani kukhonsolo kuti aigawe miyezi 12 mmalo mwa 10, amaloleza. Ndipo kumudzi auzeni zoona kuti mwezi uno sizitheka, sadzafa nazo. Ife kutchalitchi tili ndi chiperegani, chathandiza ambiri, ngakhale ndivomere kuti chimenecho sichilembedwa ku Experian, nde mbiri sichimanga. Ngati mukufunadi kubwereka funsani credit union ya mdera lanu, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama kwa mamembala ake, lamulo silimawalola chiwongola dzanja chopitirira 3 peresenti pamwezi, ndipo amayang'ana munthu osati kompyuta yokha, makamaka ukayamba wasunga nawo kaye.

mwana_wa_kwa_Kachindamoto:

Zikomo kwambiri nonse, agogo ndamva kkkk. Za mavotizo sindimadziwa olo pang'ono, ndimaona ngati ndi za eni dziko okha, ndilembetsa usiku uno ndikaweruka. Nde mafunso awiri atsala. La visa lija palibe wayankha. Komanso mnzanga amene tikukhala naye nyumba wakhala kuno zaka zambiri, akuti titsegule joint account ya mabilu kuti mbiri yake indikokereko mmwamba, mukuti bwanji?

NaBanda_Manchester:

Za visa mtima pansi. Chomwe visa yanu imaletsa ndi public funds, ndiye kuti thandizo la boma monga Universal Credit ndi housing benefit. Ovadrafti, kirediti khadi, loni yakubanki, zimenezo si ndalama za boma. Koma banki yokha imatha kuyang'ana kuti visa yatsala nthawi yaitali bwanji, makamaka pa loni zikuluzikulu.

Joint account iyayi, pokhapokha mutamudziwa munthuyo mpaka mthumba. Mukatsegula limodzi mafayilo anu amalumikizidwa, amati financial association, nde iyeyo akakhala ndi ngongole zosabweza zomwe sanakuuzeni, banki ikamaona pempho lanu imaonanso zake. Ndipo akauntiyo ikakhala ndi ovadrafti iye nkuidya yonse, banki ikhoza kufuna ndalama zonsezo kwa inu, osati theka. Kukhala nyumba imodzi kokha sikulumikiza mafayilo, chomwe chimalumikiza ndi akaunti kapena ngongole ya anthu awiri. Mukadzasiyana nyumba mumachita kutseka akauntiyo nkulembera makampani atatu aja kuti akulekanitseni, sizichoka zokha. Mabiluwo aliyense azingotumizira mnzake gawo lake.

Ngati mukufuna china chomanga mbiri mwachangu tengani SIM ya kontrakiti yapamwezi yotchipa mmalo mwa yothira mayunitsi, ambiri amavomera olo fayilo ili yopyapyala. Renti payokha siioneka pa fayilo, koma kuli kampani ya CreditLadder yomwe imatha kuinena kumakampani aja ngati mumalipira kudzera mu akaunti yanu.

Zagwazatha_Luton:

Ndipo akaunti ya pa foni ija musaitseke man. Ndi yomwe yakhalitsa pa dzina lanu kuno, komanso iwowo anaona salale yanu ikulowa kuyambira pomwe munafika, nde nthawi zina ndi omwe amayamba kukupatsani kaovadrafti kakang'ono banki yamtauniyo isanakudziweni nkomwe. Tayang'anani mu apu yawo, ambiri amaonetsa ngati mukuyenera musanalembe chilichonse. Komanso funsani kubanki yatsopanoyo ngati anakupatsani current account yeniyeni kapena basic account, chifukwa obwera kumene ambiri amapatsidwa basic osadziwa, ndipo imeneyo siikhala ndi ovadrafti olo mudikire zaka zingati, mumachita kupempha kuti akusinthireni.