Za kusintha kwa nyengo tizilowetse bwanji m'makosi onse?

Aphunzitsi anzanga a m'mayunivesite, ndigawireniko nzeru. Komiti yathu yapatsidwa ntchito yolowetsa nkhani ya kusintha kwa nyengo m'madipatimenti onse, potsatira cholinga 4.7 cha SDG (zolinga za chitukuko chokhazikika za bungwe la United Nations), chomwe chimakamba zophunzitsa anthu za chitukuko chotere. Kwa a zaulimi ndi a zomangamanga sizikuvuta. Koma mphunzitsi wa akawunti atawerenga pepala lathu anangoseka, n'kufunsa kuti Pangano la Paris la 2015 (mgwirizano wa mayiko pa zothana ndi kusintha kwa nyengo) aliika pati poti silabasi ndi yodzaza kale. Kunena zoona, ndinasowa chomuyankha.

Ena akuti tingoyambitsa kosi imodzi yoti aliyense wa chaka choyamba azichita. Ine mantha anga ndi oti ophunzira adzangoloweza, kulemba mayeso, basi n'kuiwala. Inu amene munayesapo, munayambira pati? Nanga aphunzitsi okayikira munawakopa bwanji, poti nawonso sanaziphunzire zimenezi?