Holstein kapena Jersey: umuna uti ungandipatse thole losadwaladwala?

WakuLinthipe

Moni alimi anzanga ndi alangizi amene muli muno. Ng'ombe yanga yamkaka ili ndi magazi a Friesian 75 peresenti, otsalawo ndi a Zebu yathu yachikudayi. Mwezi wamawa ikwanitsa miyezi iwiri chiberekere, ndipo opereka umuna akuti m'thanki mwawo muli wa Holstein ndi wa Jersey. Kuno ku Dedza chimene chimatha ng'ombe ndi chigodola, matenda obwera ndi nkhupakupa, ndipo chimene chimatayitsa mkaka ndi kutupa kwa bere. Kodi kulimba ku matenda awiriwa kumayenda m'magazi? Ngati kumayenda, ndisankhe umuna uti? Chinanso, m'gulu lathu muli ng'ombe ina imene akuti chiyambire kukamidwa sinatupepo bere, ndipo mwini wake akugulitsa msoti wake modula. Mtengowo ndi woyenera?

Kholalamkaka

Bambo a ku Linthipe, yambani mwawerengera magaziwo, chifukwa ambiri amasochera pomwepa. Thole limatenga theka kwa make, theka kwa nkhunzi. Mukaika Holstein, yomwe ndi banja limodzi ndi Friesian, thole likhala ndi magazi achizungu 87.5 peresenti, a Zebu 12.5. Mukaika Jersey, likhala 50 Jersey, 37.5 Friesian, Zebu 12.5. Mwaona? Gawo la Zebu ndi lomwelo mbali zonse ziwiri. Ngati cholinga chanu n'kusunga magazi achikuda, umuna uwiriwu palibe umene ukuthandizeni. Ingatero ndi nkhunzi ya theka-theka, imene ingakupatseni thole la 62.5 achizungu ndi 37.5 a Zebu, koma mkaka ungatsikeko.

Zebu imalimba ku nkhupakupa pazifukwa zooneka ndi maso. Ubweya wake ndi waufupi ndi wosalala, imadzinyambita kwambiri, ndipo khungu lake limatupa ndi kuyabwa pamene nkhupakupa yaluma, mwakuti zambiri zimagwa zisanakhute. Ku Australia anayesapo zimenezi m'zaka za m'ma 1970 poika ana a nkhupakupa owerengedwa pa ng'ombe zamitundu yosiyana. Pa Brahman, yomwe ndi ya linunda ngati Zebu yathu, pafupifupi mmodzi yekha pa ana 100 alionse ndiye ankafika pokhwima. Pa Friesian ankafika pafupifupi 15, pa Jersey awiri okha. Koma mudziwe kuti ankayesa nkhupakupa ija imatupa ngati nsatsi, yobweretsa matenda okodza magazi ndi a ndulu, osati yofiirira ya m'makutu yomwe imabweretsa chigodola.

Ine pa ziwirizo ndingasankhe Jersey. Ikakhwima imalemera makilogalamu 350 mpaka 450 pomwe Holstein imapitirira 600, choncho nsenjere ndi madeya zimene muli nazo zimaikwanira, ndipo ng'ombe yokhuta sigwa msanga ndi matenda. Imapirira kutentha kwa mu Okutobala, thole lake limabadwa laling'ono moti make savutika pobereka, komanso kusakaniza mitundu itatu kumabweretsa mphamvu ija imaoneka pa ana a makolo osiyana mtundu, makamaka pa kutenga bere msanga ndi kukhalitsa m'khola. Kuipa kwake n'kwakuti malita amachepa ngakhale mafuta a mumkaka amachuluka, ndipo komwe amalipira pa lita mafutawo sakupindulirani. Likabadwa lalimuna, ogula nyama salifunanso kwenikweni.

Mlangizi_Nkhupakupa

Masamu a achimwene a Kholalamkaka ali bwino, koma pa chigodola ndikufuna tisanamizane. Jersey imafa nacho chimodzimodzi Holstein. Kachilombo kake ndi Theileria parva, kamene kanachokera kwa njati za kuno ku Africa. Ng'ombe zachikuda zakhala nako zaka mazanamazana, zofooka zinatha kalekale, n'chifukwa chake zambiri zimadwala pang'ono zili mathole n'kuchira. Nkhunzi zimene umuna wake uli m'thankimo zinasankhidwa pa mkaka, ndipo makolo ake anachokera kumayiko kumene kachilomboka kulibe. Ng'ombe yachizungu yosatemera ikachitenga n'kusalandira mankhwala, mwa khumi zimatha kufa zisanu ndi zinayi, mwinanso zonse.

Kuti chibadwa chili ndi mbali yake, zimenezo n'zoona. M'chaka cha 2022 akatswiri a ku ILRI, bungwe lofufuza za ziweto ku Nairobi, ndi a Roslin Institute ku Scotland anafalitsa zimene anapeza pa ng'ombe za mtundu wa Boran. Banja lina lochokera kwa nkhunzi imodzi linkapulumuka pamene zinzake zikufa, ndipo anatsata mpaka kupeza kachigawo ka DNA pa kolomozomu 15. Zimene zinalandira kachigawoko kwa make ndi kwa nkhunzi komwe ndizo zinkapulumuka kwambiri. Ndi nkhani yabwino, koma ili mu Boran, osati m'thanki ya opereka umuna anuwo.

Choncho thole la magazi achizungu 87.5 peresenti mulitenge ngati lopanda chitetezo chilichonse. Musadalirenso mkaka woyamba wachikasu uja pa matendawa. Umateteza ku kutsegula m'mimba ndi chibayo, ndipo thole liyenera kumwa malita awiri kapena kuposerapo m'maola awiri oyamba, koma chigodola chimagonjetsedwa ndi maselo a m'thupi la ng'ombe yomweyo, amene ayenera kukumana nako kachilomboko kuti akadziwe.

Katemera wake amagwira ntchito motero. Amabaya tizilombo tamoyo pafupi ndi mwanabere wa pansi pa khutu, nthawi yomweyo n'kubayanso oxytetracycline wa 30 peresenti wokhalitsa m'thupi, mililita imodzi pa makilogalamu 10 alionse, kuti matenda ayambe koma asakule. Wotchedwa Muguga cocktail amapangidwa ku Lilongwe komwe kuno, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases. Kubaya kamodzi kumakwanira moyo wonse. Zimene zimalakwika ndi zitatu. Katemerayu amasungidwa mu naitirojeni wamadzi, ndipo akasungunulidwa ayenera kukhala pa ayezi n'kutha m'maola ochepa, apo ayi mukubaya tizilombo takufa. Chachiwiri ndi kuyerekeza kulemera ndi maso: thole lolemera 80 mukaliyesa 50, oxytetracycline amachepa ndipo limadwala zenizeni, choncho yezani ndi tepi pachifuwa. Chachitatu ndi kubaya thole limene layamba kale kutentha thupi. Kachubu kamodzi kamakhala ndi katemera wa ng'ombe zambiri, ndiye gwirizanani pagulu kuti mathole abwere tsiku limodzi.

Kupopera musasiye, chifukwa katemerayu sateteza ku matenda okodza magazi, a ndulu ndi ena obwera ndi nkhupakupa. Amitraz wa 12.5 peresenti ndi mamililita 40 m'madzi okwana malita 20, sabata iliyonse m'nyengo yadzinja pamene nkhupakupa zazikulu za m'makutu zimachuluka, ndipo mankhwala afike m'kati mwa makutu, pansi pa mchira ndi kuseri kwa bere. Ng'ombe yosatuluka m'khola nayo imalumidwa, nkhupakupa zimabwera ndi udzu womweta kudambo kumene ng'ombe zachikuda zimadya.

Themometa ikhale pafupi. Mwanabere wa pansi pa khutu kapena wa kutsogolo kwa phewa akatupa, thupi n'kupitirira 39.5, itanani dokotala wa ziweto tsiku lomwelo abaye buparvaquone, mililita imodzi pa makilogalamu 20, n'kubwereza pakatha masiku awiri kapena atatu ngati kutentha sikunatsike. Mukadikira mpaka iyambe kubanika ndi kutuluka thovu m'mphuno, madzi adzadza kale m'mapapo.

Nachisale_Mkaka

Ine ndiyankhe za bere ndi msoti wodulawo. Bambo, ndalama yoonjezerayo musapereke chifukwa cha mbiri ya make yokha.

Pa kusiyana konse kumene timaona pakati pa ng'ombe, gawo lochokera ku chibadwa pa kuchuluka kwa mkaka limakhala cha m'ma 30 peresenti. Pa kutupa kwa bere koonekera silifika ngakhale 10. Zotsalazo ndi khola, manja a wokama, msinkhu wa ng'ombe ndi mwayi. Msoti umatengako theka lokha la kagawo kakang'onoko. Mwina ng'ombe yotchukayo ili ndi mwini wake waukhondo basi, ndipo ukhondowo sugulidwa pamodzi ndi msoti. Mwinanso imatulutsa mkaka wochepa, pakuti chibadwa cha mkaka wambiri chimayendera limodzi ndi kutupa bere pafupipafupi.

Komanso mawu akuti sinatupepo ndi a maso chabe. Matenda ambiri a bere ndi obisika: mkaka umaoneka bwinobwino koma maselo oyera achuluka kupitirira 200,000 pa mililita imodzi, malita akutsika mwakachetechete. Pemphani kuti make ayezedwe ndi CMT inu muli pomwepo. Ndi kambale ka zibowo zinayi, chibowo chilichonse cha nsonga imodzi ya bere. Mumataya mkaka woyamba kufinya, n'kukamira pafupifupi mamililita awiri m'chibowo chilichonse, kuthira mankhwala ofanana ndi mkakawo, n'kuzunguza masekondi 10 mpaka 15. Ukananda ngati therere, mbali imeneyo ili ndi vuto.

Chimene mungachione pa make n'kuchikhulupirira ndi kapangidwe ka bere, chifukwa kameneka kamatengera kwambiri kuposa matendawo. Bere likhale lomangika, pansi pake pasatsike kupitirira chigongono cha mwendo wakumbuyo. Lolendewera limakhudza ndowe ikagona ndipo imadziponda nsonga podzuka. Ng'ombe yomwe mkaka umadontha yokha nthawi yokama isanakwane ili ndi nsonga zosatseka bwino, okama amaikonda poti ndi yofewa, koma tizilombo timalowanso mosavuta.

Kumene chibadwa chimagwira ntchito zenizeni ndi kwa nkhunzi, chifukwa imodzi imakhala ndi ana aakazi mazana kapena zikwi m'makola osiyanasiyana, ndipo mwayi ndi ukhondo zimafafanizika m'chiwerengerocho. Dziko la Norway linayamba kulemba matenda a ng'ombe iliyonse mu 1975, n'kuika kutupa kwa bere pa zosankhira nkhunzi za Norwegian Red mu 1978, ndipo matendawa anatsikadi m'mibadwo yotsatira. Ku America ziwerengero za matenda asanu ndi limodzi, kuphatikizapo a bere, anaziyamba pa Holstein mu 2018. Choncho funso lofunsa opereka umuna si mtundu wokha, koma dzina ndi nambala ya nkhunzi, zomwe zimalembedwa pa kachubu ka umunako. Ngati ndi ya ku America, papepala lake pali SCS, chiwerengero chosonyeza kuchuluka kwa maselo oyera mu mkaka wa ana ake: pakatikati ndi 3.00, yotsika kuposa pamenepo ndiyo yabwino. Holstein ya SCS yotsika ingapose Jersey yosadziwika mbiri, ndiye pa bere sindingavomereze kuti Jersey imapambana nthawi zonse.

Mukatha kukama, viikani nsonga zonse mu mankhwala a ayodini ndipo ipatseni chakudya kuti iime mphindi 30, pakuti kabowo ka nsonga kamakhala kadakali kotseguka.

WakuLinthipe

Zikomo nonse. Ndafunsa, akuti umuna wa Holstein ndi wa nkhunzi yomweyo imene akhala akugwiritsa ntchito m'dera lino kwa zaka zingapo. Pali vuto?

Kholalamkaka

Lilipo, ndipo likhoza kukhala lalikulu kuposa zonse takambazi. Yang'anani khadi la ng'ombe yanu muone nambala ya nkhunzi imene inaibereka. Ikakhala yomweyo, ndiye kuti mukukweretsa bambo pa mwana wake, ndipo thole limabadwa ndi chibale cha 25 peresenti. Zotsatira zake ndi mkaka wotsika, kuvuta kutenga bere, ndi chitetezo chofooka, chifukwa majini amene amathandiza thupi kuzindikira tizilombo, otchedwa BoLA, amagwira bwino thole likalandira mitundu iwiri yosiyana kwa makolo ake.

Palinso zilema zobisika. Mu Holstein muli BLAD, imene inafalikira dziko lonse kudzera mwa nkhunzi zotchuka za banja la Osborndale Ivanhoe, ndipo jini lake linadziwika mu 1992. Ng'ombe yonyamula mbali imodzi imaoneka yathanzi. Ziwiri zotere zikakumana, thole limodzi mwa anayi limabadwa ndi maselo oyera osatha kutuluka m'mitsempha kupita pamene pali matenda: zilonda m'kamwa, chibayo chobwerezabwereza, kupinimbira, ndipo ambiri safika chaka. Papepala la nkhunzi, TL ndiye kuti inayezedwa ilibe, BL ndiye kuti imanyamula. Pa chilema cha msana chotchedwa CVM zilembo zake ndi TV ndi CV.

Khadi likakhala kuti linasowa ndipo opereka umuna alibe kaundula wa zaka zimenezo, tengani Jersey, poti imeneyo singakhale pachibale ndi ng'ombe yanu. Ulendo uno mulembe nambala ya kachubuko ndi tsiku lake musanakataye.