Sewero lathu la nyimbo latichititsa manyazi ku Nchalo, tithandizeni

Wotsogolera gulu, Nchalo:
Akuluakulu, Loweruka tinaonetsa sewero lathu la nyimbo lonena za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Holo inadzaza, koma anthu anatuluka akung'ung'udza, ena mpaka kuitanitsa ndalama zawo pakhomo. Mtsikana amene tinamupatsa gawo la mayi wotaya mwana m'madzi amasewera bwino zedi, koma kuimba si kwake. Ndiye nyimbo zake tinajambuliratu ndi mawu a munthu wina, iye n'kumangogwedeza milomo. Pakati pa nyimbo yachiwiri magetsi anathima, mtsikanayo anangoti kakasi. Loweruka likudzali tili ku Bangula. Titani?

Woimba ulimba, Nsanje:
Achimwene, musanamizire magetsi. Ndinalipo, ndinakhala kumbuyo. Anthu anayamba kunong'onezana magetsi asanathime. Mayi wa m'sewero mukuti ndi wa ku Makhanga, koma akulankhula Chichewa cha ku Blantyre, Chisena ngakhale liwu limodzi ayi. Amene anakhala m'holomo ena anagona m'misasa, ena anaika abale awo. Maliro amawadziwa kulira kwake, simungawanamize ndi sipika. Ndipo amene anaimba pa kujambulako ali kuti?

Wotsogolera gulu, Nchalo:
Alipo, ndi mayi wa mu kwaya yathu, kwawo ndi ku Tengani. Koma ngwamanyazi, sanasewerepo.

Mphunzitsi wa zisudzo, Ngabu:
Gawolo apatseni mayiwo. Kuphunzitsa munthu poima ndi potembenukira n'kwa masiku anayi, koma mawu oimbira sungawaumbe pa sabata imodzi. Achepetsereni zolankhula, zambiri azinene m'nyimbo. Mtsikanayo musamutaye, alibe mlandu, munamusenzetsa ndinu katundu wosakhala wake. Akhale mng'ono wawo, azinyamula zokambirana. Mukamuuze nokha pambali, osati pagulu.

China, 2 koloko masana m'holo ya malata kuno kuchigwa, woimba amauma kukhosi nyimbo isanafike pakati. Yambani 4 koloko.

Woimba ulimba, Nsanje:
Zojambulazo zisiyeni kunyumba. Ndibwera ndi ulimba ndi anyamata awiri a ng'oma, mungotilipirira minibasi. Mayiwo akayambitsa nyimbo, kwaya ivomere monga timachitira pamaliro, muona holo yonse ikuvomera nawo.

Wotsogolera gulu, Nchalo:
Takhuta, akuluakulu. Mtsikanayo ndilankhula naye madzulo ano. Achimwene a ulimba, fikani Lachitatu m'mawa tiyeserere limodzi.