Konsati ya opera papaki masana: mawu, piyano ndi dzuwa

Woyang'anira siteji

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kampani yathu ya opera ndi yaing'ono, ili kummwera kwa England. Chilimwe chino tili ndi ma opera atatu osinthanasinthana kuyambira pakati pa Juni mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti. Mkati mwa nyengoyi muli konsati yaulere ya anthu a m'dera, Lamlungu lina mu Julayi, papaki ya m'tauni, kuyambira 3 koloko masana mpaka 4:30. Oyimba akuluakulu ndi anayi, wa piyano mmodzi, ndi ana 36 a sukulu ziwiri za pulayimale amene akhala akuphunzira nafe nyimbo. Tikuyembekezera anthu 300 kapena 400, okhala pa kapinga.

Ya chaka chatha inali ndi mavuto anayi. Okhala kumbuyo sanamve kanthu. Piyano inasokonekera tisanafike ndi pakati pomwe. Mawu omasulira nyimbo amene tinkaonetsa ndi pulojekita sankaoneka. Ndipo soprano, mayi woyimba mawu apamwamba, anafika pa sewero la Lachiwiri atasasa mawu. Ndalama ndi zochepa, ndipo mkulu wa nyimbo sakufuna kumva za mayiki, akuti opera siyimbidwa choncho. Ndiyambire pati?

Wa zokuzira mawu

Achemwali, mkulu wanuyo sakunama, koma zimene akunenazo zimagwira m'nyumba. Woyimba opera amaphunzitsidwa kutulutsa mawu okhala ndi mphamvu chapafupi ndi 3,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kuonda kapena kunenepa kwa liwu), n'chifukwa chake amamveka pamwamba pa okestra yonse. Koma m'holo makoma ndi denga zimam'thandiza, zimabweza mawuwo kwa omvera komanso kwa iye mwini. Pabwalo palibe chobweza. Mtunda ukawirikiza kawiri, mawu amatsika ndi 6 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu). Tiyerekeze kuti pa mita imodzi akutulutsa 90 dB. Pa mamita 2 ndi 84, pa 4 ndi 78, pa 8 ndi 72, pa 16 ndi 66, pa 32 ndi 60. Apatu ndi pamene akukweza. Akamayimba motsitsa, wokhala pa mamita 30 amangomva magalimoto ndi agalu.

Vuto lanu lachinayi labadwa m'loyambalo. Woyimba akapanda kudzimva amaganiza kuti mawu sakutuluka, ndiye amakakamiza pakhosi. Achite zimenezo ola lathunthu, Lachiwiri mawu kulibe.

Chofunika ndi kukuza pang'ono chabe, musakweze ngati kuukwati. Masipika awiri, ina kumanja ina kumanzere, pa timiyendo take, kukamwa kwake kukhale pamwamba pa mitu ya anthu oimirira, mamita 2.2 mpaka 2.5. Akhale patsogolo pang'ono pa mzere wa mayiki, chifukwa akakhala kumbuyo kwake ndiye masipika amayamba kulira okha. Awiri ena muwaike pa mamita 20, koma muwachedwetse. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye kuti mita iliyonse ndi 2.9 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi). Mamita 20 ndi 58 ms. Onjezerani 10, muike delay, kuchedwetsa kuja, ya 68 ms. Khumi yowonjezerayo ndi yoti khutu liyambe kulandira mawu ochokera kusiteji, munthu aziona ngati akumva woyimbayo osati bokosi lili pambali pake. Mukapanda kuchedwetsa, a kumbuyo amamva liwu lililonse kawiri.

Mayiki a oyimba anayiwo akhale ting'onoting'ono tomata pamphumi, poyambira tsitsi. Pakamwa ayi, pachifuwa ayi. Ngati mukubwereka za kampani ya DPA, pemphani 4061 osati 4060, chifukwa 4061 ndi imene imapirira mawu amphamvu. Gain, mphamvu imene mawu a mayiki amalowera mu mikisa, muichune woyimba akukweza pamene amakwezetsa m'nyimbo yake, osati akulankhula, apo ayi ikafika nthawi yeniyeni mawu adzang'ambika. Compressor, yochepetsa mawu akakwera kwambiri, ikhale yopepuka, 2:1 basi. Dulani za pansi pa 100 Hz kwa amayi ndi ana, pa 80 Hz kwa abambo a besi. Mayiki iliyonse ivale kasiponji kotchinga mphepo.

Mphunzitsi wa mawu

Achimwene, za masipika sinditsutsa, koma mwadumpha chinthu chosalira ndalama. Yambani mwafufuza ngati papakipo pali khoma la nyumba kapena mpanda wa njerwa, siteji itsamire pamenepo. Ngati palibe, matabwa a plywood a 18 mm, aja a mamita 2.44 ndi 1.22, asanu kapena asanu ndi limodzi, oimikidwa kumbuyo kwa oyimba, a m'mphepete atapendekera mkati pang'ono. Woyimba akamva mawu ake akubwerera kuchokera kumbuyo, pakhosi pamamasuka pokha. Samalani ndi timasiteji tozungulira ta m'mapaki a kuno. Timasitejito tili ndi denga, koma tinamangidwira mabandi a malipenga, mawu amamwazikira mbali zonse.

Chachiwiri ndi chimene chimandikhudza kwambiri. Amene wayimba gawo lalikulu Loweruka usiku ndipo akubwereranso Lachiwiri, asakayimbe pabwalo Lamlungu. Tsikulo ndi lake lopuma. Tumizani ma cover, oyimba olowa m'malo mwa akuluakulu akalephera. Nyimbozo amazidziwa kale, ndi achinyamata ofuna kuonekera, ndipo ana asukulu amawazolowera msanga. Aliyense nyimbo ziwiri payekha ndi imodzi ya awiri kapena atatu, zakwana. Madzi akhale pafupi, ndipo apeze chipinda chokonzekeretsera mawu, osati m'galimoto. Julayi kunonso ndi nyengo ya mungu wa udzu. Funsani akhonsolo kuti asatchetche kapinga tsikulo kapena dzulo lake.

Wa zokuzira mawu

Amayi anena zoona za matabwa, ndipo zingathandizenso kum'nyengerera mkulu wa nyimbo uja. Koma matabwawo amathandiza woyimba ndi mizere yoyambirira, wa pa mamita 30 sam'fikira. Komanso thabwa loimirira limakola mphepo. Lililonse likhale ndi chochirikiza kumbuyo ndi zolemetsa, ndipo pamene ana aima pasakhale poti lingawagwere.

Ana 36 aja ndinawaiwala. Mizere itatu ya 12, pa masitepe. Mayiki atatu a condenser, pafupifupi masentimita 60 mpaka 90 kutsogolo kwa mzere woyamba, pamwamba pang'ono pa mitu, olozera mzere wakumbuyo. Pakati pa mayiki ina ndi inzake pakhale mtunda wowirikiza katatu mtunda wa pakati pa mayiki ndi ana. Mukawathithikiza mawu amapyapyala. Mu monita, sipika yoyang'ana kwa oyimba eni, muike piyano, ndipo oyimba akuluakulu muwapatseko mawu awo pang'ono ndi reverb yaifupi, kubwerera kwa mawu konga kwa m'holo. Mayiki a ana asalowe mu monita ngakhale pang'ono. Koma piyano aimve bwino, chifukwa akapanda kuimva amatsatira mawu obwerera kuchokera kutali, nyimbo n'kumakwawa.

Woyimba piyano

Piyano yeniyeni musapite nayo. Ili ndi zingwe zoposa 200, ndipo kukoka kwake zonse pamodzi kumafika matani 18 mpaka 20. Dzuwa likaiwomba, zingwe zimatentha msanga n'kufewa, pamene chitsulo chachikulu chozigwira chimatentha mochedwa. Mawu amatsika, koma satsikira limodzi. Makiyi ambiri ali ndi zingwe zitatu pa liwu limodzi, ndiye zitatuzo zikasiyana pang'ono mumamva kunjenjemera kuja. Thabwa lalikulu lam'kati nalonso limafufuma ndi chinyezi, limafota kukauma. Yochunidwa mmawa kukuzizira, pofika 3:30 ndi ina.

Ngati akukakamira, ifike mmawa, ikhale pamthunzi mbali zonse, ipume maola awiri kapena atatu, wochuna aichune kutatsala ola limodzi ndipo asachoke. Pansi pake pakhale matabwa, chifukwa ngakhale yoimirira ija imalemera makilogalamu pafupifupi 200, timatayala take timatitimira m'dothi. Ndalama za wonyamula ndi wochuna zingakulipirireni masipika onse aja.

Tengani ya magetsi, ya makiyi 88 olemera ngati a piyano yeniyeni. Onetsetsani kuti A ili pa 440 ndipo transpose, yokweza kapena kutsitsa kiyi ya nyimbo, ili pa 0, chifukwa zobwereka zimabwera m'mene wina anazisiyira. Pedo muimate pansi ndi tepi, imathawa. Ma DI awiri, timabokosi tolumikizira piyano, kupita ku mikisa, ndi kamonita ka wa piyano pambali. Nyimbo zikhale za pamapepala, m'faelo ya mphete, ndi mapegi oyanikira zovala. Apple imanena yokha kuti iPad ndi yogwiritsa ntchito pakati pa 0 ndi 35°C. Padzuwa imatentha n'kudzitseka pakati pa nyimbo.

Wa magetsi

Pulojekita iiwaleni, ngakhale mutabwereka yaikulu bwanji. Pulojekita siyitha kupanga mdima. Chakuda chake ndi nsalu ija m'mene ikuonekera, ndipo masana nsaluyo yawala kale. Pamthunzi panja pamakhala 10,000 lux (muyeso wa kuwala) kapena kuposa, padzuwa lenileni mpaka 100,000. Zilembo zoyera pansalu yoyera kale.

Chimene chimagwira ndi sikirini ya LED ya panja, yowala 5,000 nits kupita m'mwamba. Kutalika kwa chilembo, gawani mtunda wa munthu wakumbuyo ndi 200. Pa mamita 30 ndi masentimita 15. Mizere iwiri ya zilembo pafupifupi 35 ikufuna mamita 3 m'litali ndi theka la mita m'mwamba, ndiye kuti zidutswa zisanu ndi chimodzi za 500 ndi 500 mm. Ku Santa Fe Opera, kumene m'mbali mwa holo ndi mosatseka, mawu amawerengedwa pa kasikirini ka kumsana kwa mpando wakutsogolo, koma amenewo ndi makampani a ndalama zawo. Kwa inu ndinganene kuti LED isiyeni. Papepala limodzi lembani mzere umodzi kapena iwiri pa nyimbo iliyonse, ndipo pakhale munthu wodziwa kulankhula wofotokoza mwachidule kuti akuyimba ndani, wakwiyira chiyani. Pabwalo anthu amayang'ana nkhope, sawerenga.

Za dzuwa. Amene tinakulira ku Malawi tinazolowera kuti mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto. Kuno masana limakhala chakummwera nthawi zonse. Pa 3 koloko mu Julayi limakhala kummwera chakumadzulo, pofika 5 lili pafupi ndi kumadzulo. Omvera ayang'ane kumpoto, dzuwa liwakhale kumsana chakumanzere. Oyimba lidzawawomba kumaso chakumanja, choncho denga la tenti litulukire kutsogolo mita imodzi kapena kuposa, ndipo mbali ya kumadzulo itsekedwe.

Magetsi. Soketi wamba ya 13A imapereka pafupifupi 3 kW, ya buluu ya 16A 3.7 kW. Masipika anayi, mamonita, mikisa ndi piyano zimakwanira pa imodzi. Chimene chimagwetsa zonse ndi chithini chowiritsira madzi a tiyi, chokha chimadya 3 kW. Chikhale pa mzere wake. RCD ya 30 mA, yodula magetsi akayamba kuthawira pena, ikhale poyambira. Waya wa pa gudumu mumutambasule yense, wokulungika amatentha. Podutsa anthu pakhale zophimbira mawaya. Ngati ndi jenereta, ikhale ya inverter, patali mamita 20 kapena kuposa, kuseri kwa chotchinga. Woyala zonsezi akhale wodziwa BS 7909, malangizo a kuno oyalira magetsi akanthawi pa zochitika.

Mphezi ikang'anima ndipo bingu lamveka pasanathe masekondi 30, ili mkati mwa makilomita 10. Imitsani, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Wolamula zimenezi akhale mmodzi, wodziwika kale kwa onse.

Woyang'anira ana ndi zilolezo

Achemwali, dziwani kuti mukangoika mayiki, nkhani ya malamulo yasintha. Mu England, malinga ndi Live Music Act ya 2012, nyimbo zopanda zokuzira mawu sizifuna laisensi pakati pa 8 koloko mmawa ndi 11 koloko usiku. Zokuza ndi zina. Funsani akhonsolo ngati pakiyo ili kale ndi laisensi yake. Ngati ilibe, afunseninso ngati mukufunika Temporary Event Notice, kalata yodziwitsa khonsolo za chochitika cha kanthawi, yoperekedwa kutatsala masiku ogwira ntchito osachepera 10. Malire ake ndi anthu 499 nthawi imodzi, kuwerengera oyimba, ana ndi antchito. Inu mwati 400, onjezerani ana 36, makolo owaperekeza ndi inu eni, mwafika kale m'mphepete. Zungulizani chingwe, pakhale zipata ziwiri ndi owerenga anthu, kapena perekani matikiti aulere.

Ana nawo ali ndi zawo. Chilolezo cha mwana wochita nawo sewero chimapemphedwa kukhonsolo ya kumene mwanayo amakhala, kutatsala masiku 21. M'malo molemba mafomu 36, funsani za Body of Persons Approval, imodzi yokhudza gulu lonse. Woyang'anira wovomerezeka mmodzi sangapitirire ana 12, choncho atatu ndi chiwerengero chotsikitsitsa. Khalani ndi anayi kapena asanu, popeza wina akaperekeza mwana kuchimbudzi gulu lake lisatsale lokha. Ana ayimbe kumayambiriro ndi kumapeto, pakatipo akhale pamthunzi, ndi zipewa ndi madzi. Musawaimike pa masitepe ola lonse.

Woyang'anira siteji

Zikomo nonse. Ndikupita nazo kumsonkhano motere: ma cover anayi, piyano ya magetsi, matabwa kumbuyo, masipika anayi, pepala ndi wofotokoza m'malo mwa pulojekita, matikiti aulere 400. Holo ya sukulu ina mwa ziwirizo ikhale yothawirako kukagwa mvula, chigamulo 11 koloko mmawa. Mkulu wa nyimbo ndim'pempha kuti pokonzekera akaime yekha pa mamita 30, timuyimbire masipika atazima kenako atayaka. Funso lotsala: mayiki opanda waya amene tili nawo m'stolo ndi akale, kodi tingawagwiritse ntchito?

Wa zokuzira mawu

Werengani manambala olembedwa kuseri kwa cholandirira. Ngati ali a 700 MHz, asiyeni, gawo limenelo linaperekedwa kwa mafoni mu 2020. A 863 mpaka 865 MHz safuna laisensi, koma malo ake ndi opanikizika, mayiki anayi ndiye malire, ndipo aliyense papakipo angakhale pomwepo. Abwino ndi a Channel 38, 606.5 mpaka 613.5 MHz, ndi laisensi ya Ofcom, bungwe loyang'anira mafunde a wailesi kuno. Obwereketsa ambiri amakhala nayo, koma afunseni ngati ikukuphimbani inuyo. Zolandirira zikhale pambali pa siteji, osati kumikisa kumbuyo kwa khamu, chifukwa matupi a anthu amatchinga. Mabatire atsopano muwaike kutatsala theka la ola. Wofotokoza uja mum'patse mayiki ya waya, ndipo ina ya waya ikhale chire pa mwendo wake pambali pa piyano, yolumikizidwa kale ndi kuyesedwa.